Dzuwa la ku Karonga silitumiza bilu

Abale anzanga, kunja kuno kuli zinthu. Zimene agogo athu akhala akuchita chibadwire popanda wowaombera m'manja, lero azungu azitulukira ndipo akuzitcha nzeru zatsopano zopulumutsira dziko. Ndikunena za kuyanika zovala pachingwe. Ee, mwamva bwino. Chingwe chomwecho chimene chili kuseri kwa nyumba yanu, chochokera pamtengo wa mango kukafika pa nsanamira ya bafa.

Kumaiko olemera, makamaka ku America, munthu akachapa sayang'ana kumwamba kuti aone ngati kuli mitambo. Amangotenga zovala zonyowazo n'kuziponya m'makina oumitsira, chimgolo chachitsulo chozungulira chimene chimauzira mpweya wotentha mpaka malaya kuuma gwa. Mabanja pafupifupi 8 mwa 10 alionse ku America ali nacho chimakinachi. Tsono kudabuka anthu ena kumeneko amene akuti takwana nazo. Akuti makinawa akudya magetsi ambiri, magetsi ambiriwo akuchokera ku malasha ndi gasi, ndipo utsi wake ndi umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Ndiye akuzimitsa makina, akugula chingwe ndi zopanira, akutuluka panja.

Chondiseketsa n'chakuti kuti afike pachingwepo adachita kumenyera ufulu. M'madera ambiri a anthu opeza bwino, makomiti a eni nyumba adaletsa kuyanika panja, ati kabudula wolendewera amanyozetsa dera ndipo amagwetsa mtengo wa nyumba. Mnyamata wina wa pasukulu ya ukachenjede, Alexander Lee, adayambitsa bungwe la Project Laundry List m'ma 1990 kuti alimbane ndi ziletso zimenezi. Zigawo monga Florida, Colorado, Maine, Vermont ndi Hawaii zili ndi malamulo oteteza munthu wofuna kuyanika panja, ndipo ku Ontario m'dziko la Canada boma lidathetsa ziletso zotere mu 2008. Taganizani! Ife kuno tidavota pa 14 Juni 1993 kufuna matipati, ndipo chaka chomwecho lidachoka lamulo lija la 1973 loletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi. Ife tinkalirira ufulu wovala, anzathu ankalirira ufulu woyanika. Aliyense ndi mavuto ake.

Musaganize kuti izi n'za kutsidya kwa nyanja kokha. Msuweni wanga amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg amandiuza kuti m'nyumba zambiri zosanja za kumeneko n'koletsedwa kuyanika pakhonde pamene anthu odutsa angaone. Iye adakulira ku Kaporo, amadziwa kuti chofunda chimafuna dzuwa, koma amachita kupanikiza mashiti a abwana ake m'makina kunja dzuwa likuswa mtengo. Ndiye mu 2023, pamene magetsi ankathima maola ambirimbiri pa tsiku ku South Africa, abwana omwewo ankamufunsa kuti kodi kwanu mumatani. Iye akuti adangoyankha kuti, "Kwathu, bwana, timamanga chingwe."

Wina anena kuti nanga zimenezi zikutikhudza chiyani ife a ku Karonga, kumene dzuwa la Okutobala limaumitsa jinzi usanamalize kutsukuluza malaya achiwiri? Zikutikhudza pawiri. Poyamba, matenda osirira afika kale. Pitani m'masitolo akuluakulu a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe mukaone anthu akusisita makina ochapira ndi oumitsira ngati akusisita ng'ombe ya malowolo. Ndamvapo ndi makutu angawa mayi wina wa bizinesi, wa maulendo a ku Kyela ndi ku Dar es Salaam, akuuza anzake mu minibasi kuti akamaliza nyumba yake sakufuna chingwe pabwalo chifukwa chingwe n'cha kumudzi. Anzakewo adavomereza ndi mitu. Palibe adafunsa kuti magetsi ake achokera kuti.

Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a sitandade 5. Makina oumitsira a magetsi, aja wamba, amakoka mphamvu yokwana makilowati pafupifupi 3, ndipo ulendo umodzi woumitsa umadya mayunitsi 3 kapena kuposa. Kuno kwathu tili ndi malo opangira magetsi pa mtsinje wa Wovwe, amene mphamvu yake yonse ndi pafupifupi mamegawati 4.5, kutanthauza makilowati 4,500. Gawani 4,500 ndi 3, mupeza 1,500. Ndiye kuti mabanja 1,500 okha atayatsa makina awo nthawi imodzi Loweruka m'mawa, magetsi onse a Wovwe athera kuumitsa masokosi. Pomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma lino muli anthu oposa 365,000, ndipo m'dziko lonse mabanja ounikira magetsi anali 11 okha mwa 100 alionse. Mwana wa fomu 4 ku Nyungwe akuwerenga ndi tochi, chigayo cha mpunga chikudikira magetsi, wowotcherera zitsulo pa depoti wakhala pansi, ndiye wina atenge magetsi omwewo aumitsire thawulo? Ayi, abale, tiyeni tichitirane chifundo.

Komanso magetsi athuwa tikuwadziwa mmene alili. Ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo mdima udatisautsa mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Mu Malichi 2023 kudabwera Freddy amene adapha anthu oposa 600 kuchigawo cha kummwera. Akatswiri a zanyengo akuti kutentha kwa dziko kukuwonjezera mvula ya anamondwe oterewa. Utsi wochuluka udafukira kwa anzathu olemera, maliro adagwera kwa ife. Tsono ife tithamangirenso njira yomweyo imene eni ake ena ayamba kuithawa?

Chinanso choseketsa ndi ichi. Dziko lino layamba kukolola magetsi a dzuwa, ku Nanjoka m'boma la Salima kudatsegulidwa malo a mamegawati 60 mu 2021, ku Golomoti m'boma la Dedza a mamegawati 20 mu 2022. Zabwino zedi. Koma taganizani dzuwa liwale ku Salima, alisandutse magetsi, magetsiwo ayende pa waya mtunda wonsewo kudutsa Mzuzu kutsika Chiweta kufika pa boma pano, inu mugule mayunitsi, muyatse chimgolo kuti chitenthe, cholinga muumitse malaya amene dzuwa lomwelo likadaumitsa ulele pabwalo panu. Kumeneko ndiye kupita ku Chitipa kudzera ku Nsanje.

Ife a ku Karonga dzuwa ndi wantchito wathu wakalekale ndipo silinapemphepo malipiro. Mpunga wa kilombero wa ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya, umene anthu a m'tauni amaulimbirana, umauma ndi dzuwa. Usipa wa ku Ngara umauma pa thandala. Chinangwa cha kondowole chikachoka m'madzi chimayanikidwa. Ndipo amene mudaonerapo mapenenga mukudziwa mmene madoda aja amawalira, malaya oyera, kabudula woyera, masokosi oyera mbee, fumbi kuchita kuopa. Kuyera kumene kuja n'kwa sopo, manja ndi dzuwa. Dzuwa limayeretsa nsalu ndiponso limapha tizilombo tambiri tosaoneka ndi maso. Makina aja amasiya thonjethonje m'kasefa kake, ndipo thonjelo ndi nsalu yanu imene ikunyenyeka pang'onopang'ono. Ife ovala kaunjika, zovala zoti wina adavala kale zaka zitatu ku London, tingapirire zoti makina azitidyeranso kotsalako?

Mpaka apa mwina mukumwetulira, mukuti eya, ndife akatswiri osamala chilengedwe. Dikirani kaye. Ndati nkhaniyi ikutikhudza pawiri, ndipo mbali yachiwiriyi ndi yowawa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri a ife sitiyanika pachingwe. Timayanika pa udzu, pa mchenga wa kunyanja, pa mpanda wa maluwa, pa tchire la kuseri kwa chimbudzi. Yendani m'mbali mwa North Rukuru kapena kugombe Loweruka lililonse mudzaona zitenje zitayalidwa pansi ngati msika. Ndipo pansi pamenepo ndi pamene pali mdani wathu, ntchentche ya mphutsi.

Ntchentche imeneyi ndi yofiirira, yonenepa pang'ono kuposa ya m'nyumba. Yaikazi imaikira mazira 100 kapena kuposa pa dothi la mchenga la pamthunzi, makamaka pamene pali fungo la mkodzo kapena chimbudzi, ndiponso pa zovala zachinyezi. Dzuwa la paliwombo siilikonda, imasaka mthunzi. Mazirawo amaswa pakangopita tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo timphutsi take timatha kudikira masiku oposa sabata osadya kanthu. Mukavala chovalacho, kamphutsiko kamamva kufunda kwa thupi n'kuboola khungu inu osamva chilichonse. Pakapita masiku pamatuluka chotupa ngati chithupsa, chili ndi kabowo pakati pamene kachilomboko kamapumira. Kamakhala m'menemo masiku 8 mpaka 12 kakudya ndi kunenepa, kenaka kamagwera pansi kukasanduka ntchentche ina. Agalu ndi makoswe ndiwo amasunga mtundu wa ntchentchezi pamudzi, n'chifukwa chake galu wa zotupatupa pakhomo ndi chenjezo kwa mwini nyumba.

Amene amavutika kwambiri ndi makanda, poti thewera ndi kamalaya ka mwana ndizo zimakhala ndi fungo limene ntchentcheyo ikufuna. Pa mdadada wa nyumba za lendi pamene ndimakhala, mwana wa miyezi isanu ndi umodzi adatuluka zotupa zisanu kumsana. Usiku osagona, kulira kokhakokha. Apongozi a mayiyo atafika adayang'ana mwana, adayang'ana khomo la aneba, n'kuyamba kufunsa kuti kodi mwanayu adamunyamulapo ndani sabata ino. Mukudziwa kumene funso lotere limathera kuno kwathu. Mwamwayi panali mayi wina wachikulire wogulitsa mbalagha pamsika amene adati, "Amama, taimani kaye. Patseni mwanayo kuno." Adapaka Vaseline pa zotupazo, tidadikira pang'ono, ndipo timitu ta mphutsi tidayamba kusuzumira tofuna mpweya. Adafinya mofatsa m'mbali, kamodzikamodzi, zonse zisanu zidatuluka. Kenaka adafunsa funso limodzi lokha: "Matewera mumayanika pati, mwanangu?" Yankho linali pa kapinga, pansi pa mtengo wa mango, pamene agalu a pamalopo amagona masana.

Ndikuuzeni pano kuti musamakolokose chotupa chotere ndi singano kapena lezala, chifukwa mphutsi ikadukira m'kati bala limanyeka. Zotupa zikachuluka, zikakhala pafupi ndi diso kapena kumalo obisika, kapena mwana akatentha thupi, thamangirani kuchipatala. Koma taonani mmene nkhani ya chingwe ikadasandukira nkhani ya ufiti. M'boma lino tamva kangati za agogo omenyedwa, nyumba zotenthedwa, chifukwa chonamiziridwa kuti alodza mwana? Nthawi zina mfiti yake imakhala ntchentche.

Mankhwala a mazira a mphutsi tonse tikuwadziwa, ndi kusita. Simbi yotentha bwino ikadutsa mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko ndi m'chiuno, dzira silipulumuka. Koma simbi ya ambiri a ife ndi ya makala, ndipo apa ndi pamene kusamala chilengedwe kwathu kumagwera m'dzenje. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amadalira nkhuni ndi makala. Uvuni wa dothi uja amaotchera makala kumapiri umadya makilogalamu 5 a mtengo kapena kuposa kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Onani njinga zimene zimatsika m'mawa uliwonse mumsewu wa ku Chitipa zitasenza matumba. Onani mmene mapiri a kumtunda kwathu akumetekera, kuphatikizapo nkhalango zotetezedwa monga Vinthukutu kufupi ndi Chilumba. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, zilango zidakwera, koma matumba akutsikabe chifukwa ogula tilipo, ndife tomwe. Ndipo phiri likameteka madzi a mvula sakhalanso ndi chowagwira, amatsika ndi mchenga wonse kudzadzaza North Rukuru, Lufilya ndi Kyungu, kenaka timamva kuti kwa Kilupula ndi kwa Mwakaboko anthu ali m'misasa, mpunga wakokoloka.

Sindikunena kuti simbi ndiyo yamaliza nkhalango, ayi. Mbaula yophikira ndiyo imadya makala ambiri. Koma taonani mmene timasitira. Bambo akufuna kupita kuntchito, akoleza makala odzaza simbi chifukwa cha shati imodzi. Madzulo mwana wa sukulu akolezanso ake a yunifolomu. Lamulungu m'mawa mayi akolezanso a chitenje cha kutchalitchi. Moto katatu, kanayi, kasanu pa sabata, ndipo makala otsala amakhuthulidwa pansi akadali ofiira. Chulukitsani ndi nyumba zonse za pa boma pano, za pa Uliwa, za pa Songwe, muona kuti si nkhani yochepa.

Nzeru yake si yodula. Kwezani chingwe kuti chovala chisakhudze pansi ngakhale mphepo itawomba. Chimangeni poyera pamene dzuwa limamenya tsiku lonse, kutali ndi chimbudzi, khola ndi pogona agalu. Yanikani m'mawa, yanulani zikangouma, musazisiye mpaka mthunzi wa madzulo uzipeze. Mukatero mwachepetsa kwambiri mpata wa ntchentche ija. Kusita musasiye, makamaka zovala za mwana, zamkati, zofunda ndi matawulo, koma sitani kamodzi pa sabata, zonse pamodzi, ndi makala otsala pa mbaula mukatha kuphika. Yambani ndi zolimba monga jinzi simbi ikadali yolusa, malizani ndi zopyapyala moto ukamazirala. Zitenje zanu zokongola za ku Tanzania zija muziyanika mozitembenuza kuti dzuwa lisadye mtundu. Shati mukaikutumula bwino n'kuiyanika pa hang'ala makwinya amachepa, simbi imangodutsa kamodzi. Amene muli ndi simbi ya magetsi, lamulo ndi lomwelo, ndipo pewani kusita madzulo pamene dziko lonse likuphika.

Tsopano ndilowe m'chipinda, mundikhululukire akuluakulu. Zovala zamkati timaziyanika kuti? Tinene zoona. Pachingwe cha panja mudzaona malaya, mathalauzi, zitenje, koma kabudula wamkati simudzamuona. Ali kuseri kwa chitseko, ali pa msomali wa kubafa, ali pansi pa thawulo, ena amachita kumuyala pansi pa matiresi. Zifukwa zake ndi ziwiri, manyazi ndi mantha. Manyazi akuti apongozi kapena ana angaone. Mantha akuti wina angadule kansalu n'kupita nako kwa sing'anga kuti akutseke mimba kapena akulande mwamuna. Zotsatira zake anthu akuvala zachinyezi m'dziko lotentha ngati lino, ndipo chinyezi ndi kutentha ndiwo munda wa zipere ndi zoyabwa za m'mphechepeche. Atsikana athu amene amagwiritsa ntchito nsalu kapena mapadi ochapa akakhala kumwezi ndiwo ali pamoto weniweni, chifukwa nsalu imeneyo imafunika kuuma ndi dzuwa koma mwambo ukuti ibisike. M'sukulu zogonera konko ena amayanika m'sutikesi. Inu azakhali, inu anankungwi, inu amatroni, nkhaniyi ndi yanu. Ulemu tiusunge, koma tiupezere njira. Kachingwe ka kuseri kotchingidwa ndi mpanda wa bango, kopanda denga kuti dzuwa lilowe, kakwanira. Ngakhale kuphimba ndi kansalu kopyapyala pamwamba kuli bwino kusiyana ndi pansi pa matiresi.

Vuto lina ndi akuba, ndipo ili sindingalichepetse. Munthu wagula jinzi ya kaunjika ndi ndalama ya thukuta, waichapa, wapita kumsika, pobwera wapeza zopanira zokha zikuvina pachingwe. N'chifukwa chake mbeta ndi mabatchala ambiri amachapa usiku n'kuyanika m'nyumba, zovala n'kumanunkha chuku. Apa ndilankhule ndi eni nyumba za lendi. Bambo landilodi, mwamanga zitseko khumi pa poloti imodzi, mpaka malo oti nkhuku ingadutse palibe. Lendi mumaifuna pa 30 osachedwa. Nanga anthu khumiwo aziyanika pamutu panu? Mapaipi awiri achitsulo, thumba limodzi la simenti ndi waya wosachita dzimbiri, m'kati mwa mpanda, si ndalama yoti mungagwe nayo. Ndipo akuluakulu amene mumavomereza mapulani a nyumba, monga mumafunsa za chimbudzi, bwanji osafunsanso za poyanikira? Chimodzimodzi m'zipatala zathu. Odikirira odwala amachapa tsiku ndi tsiku nsalu za magazi ndi mkodzo, ndipo kumene kulibe chingwe chokwanira amayala pa udzu, nsaluyo n'kubwerera pa thupi la wodwala. Andale amene mumakonda kupereka zinthu pamaso pa makamera, nayi mphatso yotchipa: waya ndi mapaipi.

Pali chinthu china chimene chikuchotsa chingwe pakhomo mwakachetechete, matewera otaya aja timawatcha mapampasi. Kale khomo la mwana wakhanda linkadziwika ndi mbendera zoyera pachingwe. Lero mbenderazo zikusowa, ndipo m'malo mwake tikupeza zimatewera zotupa m'ngalande, pansi pa milatho, m'mphepete mwa nyanja, agalu akukokerana. Zili ndi pulasitiki, siziola msanga, ndipo zimanyamula chimbudzi kupita nacho m'madzi amene timasamba, kuchapira ndi kumwa. Tisaiwale kuti kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja sadasiyidwe. Sindikuweruza mayi amene ali paulendo wa basi kupita ku Lilongwe, kapena amene ali kuntchito tsiku lonse. Koma pakhomo, tsiku ndi tsiku, thewera la nsalu lochapidwa bwino, louma padzuwa, lositidwa, limalera ana atatu motsatizana ndipo ndalama imatsala ya phala. Ndipo abambo, kuchapa thewera sikudula manja. Ngati mumatha kutsuka njinga yamoto kawiri pa tsiku, beseni simungalilephere.

Ndikudziwa amene mukundidikira ndi funso la mvula. Zoona, kuno kumpoto kwa boma lino, cha ku Kaporo ndi ku Songwe, mvula ya Malichi ndi Epulo imatha kugwa masiku otsatizana osapuma, yunifolomu ya mwana n'kukhala yonyowa mpaka Lolemba. Koma walira mvula walira matope, mvula yomweyo ndiyo imatipatsa mpunga. Chimene chimaumitsa chovala si kutentha kokha, ndi mphepo yodutsa. Chingwe chachiwiri pakhonde kapena pansi pa chisakasa chopanda makoma chimagwira ntchito ngakhale kuli mitambo, bola mufinye kwambiri ndipo musaunjike zovala pamodzi. Zouma pamthunzi zoterezi ndiye zisaphonye simbi. Malo ogona alendo ndi zipatala zazikulu zimene zimachapa mashiti mazanamazana, amenewo tingawamvetse akakhala ndi makina a nthawi ya dzinja. Koma banja la anthu asanu, m'boma limene dzuwa limawala miyezi yambiri pa chaka, kugula makina chifukwa cha masabata ochepa a mvula kuli ngati kugula bwato chifukwa cha chithaphwi cha pakhomo.

Mawu anga ndi awa. Chingwe si chizindikiro cha umphawi, ndipo amene adachitaya ena akuchifunafuna ndi maloya. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tisachite manyazi ndi chimene tili nacho, koma tichikonze: chikwere m'mwamba, chikhale padzuwa, chikhale m'kati mwa mpanda, ndipo simbi ikolezedwe kamodzi. Loweruka likudzali musanapite kumpira kapena kuukwati, tazungulirani kuseri kwa nyumba muone pamene zovala za ana anu zagona. Mukapeza zili pa udzu, mukudziwa chochita. Waya amagulitsa pamsika pomwepa.

Tionana sabata ya mawa, akalola Mwini moyo.